Kagalu Kotengera Bambo Wake

Zaka za Chitaganya zinandipeza ndili ndi mabwana awiri. Woyamba anali mzungu wogwira ntchito pa bwalo la ndege ku Chileka, amene ndinkamusesera panja ndi kumuthirira maluwa. Wachiwiri anali amalume a mkazi wanga ku Lirangwe, kumene ndinkakhala pa chikamwini. Mzungu ankandikalipira m'Chingerezi, chomwe ndinkangomva theka lake, ndiye zinkapepukako. Amalume ankandikalipira m'Chinyanja, atakhala pa mpando wawo wa ndalema, ndipo liwu lililonse linkafika pamene analituma.

Kwathu koti n'kuthawirako ndinalibe. Agogo anga anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki, n'kukhala pa malo a mzungu wina cha kwa Kuntaja, kumalipira ndi thangata. Mayi anga atamwalira, kanyumba kathu kanagwa ndi mvula, pamalopo n'kulima ena. Choncho ku Lirangwe ndinapita ndi bulangete, khasu ndi mtima wanga wonse. Kumeneko kunabadwa mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo amene Mulungu anandipatsa. Anabadwa ndi makutu anga, otuluka m'mbali ngati zogwirira za poto, moti amayi a m'mudzi akamuona kumsana kwa mayi ake ankayamba kuseka asanapereke moni. Ine ndinkanyadira makutu amenewo. Chinali chinthu chokhacho m'mudzi monsemo chimene aliyense ankavomereza kuti ndi changa.

Munda umene amalume anandipatsa unali kumapeto kwenikweni, m'munsi mwa phiri, pamene anyani amatsikira. Dothi lake linali labwino, ndipo aliyense ankadziwa chifukwa chake dothi labwino chotero linakhala tsala zaka zonsezo. Ine ndinkalima Loweruka masana ndikafika kuchokera ku Chileka, mkazi wanga n'kumapitiriza pakati pa sabata mwana ali kumsana. Koma nyani saopa munthu wamkazi. Zaka ziwiri zotsatizana tinalimira anyani, ife n'kumapempha ufa kwa apongozi. Malipiro a kwa mzungu ankathera pa msonkho, mchere ndi sopo.

Tsiku lina amalume anandiitana. Sanandipatse mpando.

"Akamwini, nkhokwe ija munamanga bwino, yowongoka," anatero. "Koma nkhokwe sitidya. Chaka chikubwerachi ikakhalanso ikuliza mphepo, mudzapinde bulangete lanu. Za mwana musadzavutike nazo, mwana ndi wathu."

Ndinawomba m'manja n'kuchoka. Panjira yobwerera ku Chileka ndinawayankha bwino kwambiri, ndili ndekha.

Bwana wanga anali ndi galu wamkazi wa mtundu wa ku Jeremani, uja azungu ankamutcha Alisesheni. Akuti kwawo agalu amenewa amaweta nkhosa, ngakhale uyu nkhosa anali asanaionepo chibadwire. Anali wakuda msana, wofiirira miyendo, makutu ali njo, ndipo akaimirira mutu wake unkafika m'chiuno mwanga. Madzulo bwana akaweruka ankamuphunzitsa pa kapinga. Akati "siti," galu ankakhala pansi. Akati "sitei," ankakhala pomwepo ngakhale mutaponya nyama patsogolo pake, mpaka bwanayo atanena kuti "kamu." Ine ndinkaonerera nditatsamira tsache, n'kumaganiza za anyani anga. Galu wotere atangokhala m'munsi mwa phiri lija, ine ndikanagona tulo ngati munthu.

Ndiye kunabwera mng'ono wake wa dona, mkazi wa bwana, pa ndege kuchokera ku Halale, atanyamula kadengu kotseka. Atatsegula munatuluka kanthu kamaso otong'oka, miyendo ngati timitengo ta machesi, kovala juzi, konjenjemera dzuwa lili paliwombo. Ine ndi akhukhi, bambo wachikulire amene ankaphika panyumbapo, tinakayang'ana nthawi yaitali n'kugwirizana kuti ndi mwana wa galu amene anamuchotsa kubere msanga. Tikanaganiza chiyani china? Galu wamkulu wa msinkhu umenewo palibe anali atamuonapo kuyambira ku Chileka mpaka ku Mdeka. Kufunsa sitinafunse, chifukwa panyumba ya mzungu wofunsafunsa sakhalitsa. Dzina la mtundu wake ndinadzalimva mochedwa, akuti chiwawa, ndipo ndikalikumbukira sindidziwa ngati ndiseke kapena nditukwane.

Masiku omwewo galu wamkazi uja anayamba nyengo yake. Bwana anamutsekera m'khola la waya kuseri kwa nyumba, n'kundiuza kuti galu wamphongo aliyense asayandikire, chifukwa anali atakonza kale mwamuna wa mtundu wake wochokera ku Limbe. Ntchito imeneyo ndinaigwira ndi mtima wonse. Agalu onse a m'midzi yozungulira bwalo la ndege anadziwa miyala yanga. Koma kanthu ka juzi kaja kankangokhala pa waya n'kumalira tsiku lonse, kulira kwake kolasa mtima. Tsiku lina azungu atapita ku Blantyre, akhukhi anatuluka akupukuta m'manja.

"Achimwene, kamwana aka kakufuna mayi," anatero. "Katsegulireni kakafunde pang'ono, ife tipumeko makutu."

Ndinakatsegulira. Kanasiya kulira, ife n'kumayamikirana kuti tili ndi chifundo. Musandifunse kuti kanakwanitsa bwanji. Galu wamkulu uja ankakonda kugona chammbali pamthunzi, ndipo zina zonse ndi za Mulungu.

Ana anabadwa m'nyengo yozizira. Bwana anawayang'ana kamodzi, nkhope yake n'kufiira mpaka m'khosi. Dona anaseka mpaka misozi, ndipo ndi iye amene anauza akhukhi kuti kamwana kathu kaja kanali nkhalamba, kazaka zambiri kuposa galu wamkaziyo. Bwana sanaseke. Akhukhi anapulumuka chifukwa wodziwa kuphika sapezekapezeka, koma wosesa panja ali paliponse. Bwana anandiuza kuti anawo akangoleka kuyamwa ndichoke nawo, ine ndi iwo, asadzationenso. Awiri anafa okha asanatsegule maso. Mwa otsalawo ndinasankha kamphongo kamene kanatenga ubweya wa mayi wake, msana wakuda ndi miyendo yofiirira.

Akhukhi anandiperekeza mpaka pa geti.

"Mwataya ntchito, tsopano mukunyamulanso pakamwa pena podyetsa," anatero. "Bambo wake munamuona ndi maso anu. Mukuyembekezera chiyani?"

"Bambo ndi ndani?" ndinawayankha. "Kwathu kuno mwana ndi wa mayi. Mtundu ndi wa mayi, munda ndi wa mayi, ngakhale manda ndi a kwa mayi. Bambo ndi tambala, amangodutsa. Make mbuu, mwana mbuu."

Sindinkanena zocheza. Mawu amenewo ndinali nditawamva ku Lirangwe kuyambira tsiku limene ndinalowa m'mudzimo, ndipo munthu akauzidwa chinthu sabata ndi sabata amayamba kuchikhulupirira. Ngati ine ndinalibe gawo mwa mwana wanga, kanthu ka juzi kaja kakanakhala ndi gawo lanji mwa galu wanga? Ndinayenda ulendo wonse wa ku Lirangwe kagaluko kali m'malaya, mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho.

Ndinafika mudzi utasonkhana pa bwalo, ndipo pakamwa panga panandipereka. Ndinawauza kuti chimanga chikamadzafika pa mondokwa, galu uyu adzakhala ngati mwana wa ng'ombe. Ndinaonetsa ndi dzanja pamene mutu wa mayi wake unkafika. Wina anafunsa dzina lake, ine ndinati galu wotere sapatsidwa dzina akadali wakhanda, ndidzamutcha akakula, dzina lolemera lolingana ndi thupi lake. Mkazi wanga anangofunsa ngati ntchito yathadi. Mwana wanga, amene panthawiyo anali atayamba kulankhula bwinobwino, anakatenga n'kukabereka ndi nsanza.

Aphunzitsi a agalu m'mudzimo anali ambiri kuposa agalu. Wina anati ndikadule mchira. Wina anati ndikavundikire m'dengu mumdima kuti kasazolowere anthu. Amalume anati galu amakalipa ndi mavu, ndipo mawu a amalume sanali malangizo. Ndinakathyola chisa cha mavu pa denga la khola, mavu n'kundiluma pachikope, ndinasinja pamodzi ndi tsabola n'kusakaniza m'phala la gaga. Kagalu kanadya chifukwa cha njala, kenako kanayamba kukwekweretsa mlomo pansi n'kumalira, mwana wanga n'kumalira nako. Ukali umene unatuluka pamenepo unali wanga ndekha. Ndinataya phala lotsalalo kudzala, n'kunena mokweza kuti galu wa chizungu ndimuphunzitsa chizungu.

M'mawa uliwonse tisanapite kukasosa, ndinkakatengera kuseri kwa nkhokwe yopanda kanthu ija. Bwana ankapereka bisiketi galu akamvera. Ine ndinkapereka ziwala zootcha ndi mitu ya matemba yomwe ndinkabisa pakudya. Ndinkakanikiza kumbuyo kwake ndi dzanja n'kunena kuti "siti." Kakakhala, chiwala. Kenako ndinkayala malaya anga akale, ong'ambika m'khwapa, kukakhazika pamenepo, n'kunena kuti "sitei," ine n'kumabwerera chambuyo pang'onopang'ono. Poyamba kankanditsatira mchira ukugwedezeka, ine n'kukabweza, n'kukabwezanso, mpaka thukuta. Ana a m'mudzi ankakwera pa chulu kudzaonerera mkamwini wolankhula Chingerezi ndi galu. Posakhalitsa mudzi wonse unkauzana "siti" pa chilichonse, ngakhale kwa mbuzi.

"Inu mukucheza ndi galu m'Chingerezi, ine ndikusaka chisoso cha ndiwo," anatero mkazi wanga tsiku lina, osakweza mawu. Sanali munthu wankhanza. Anali wotopa, ndipo amalume ake ankawaopa kuposa mmene ankandikondera ine.

Nzeru kanali nazo, zimenezo sindingakanamizire. Mvula isanagwe kanali katadziwa zonse zimene mayi wake ankadziwa. Ndinkatha kukasiya pa malaya, kupita kumtsinje kukasamba, n'kubwera kukapeza kali pomwepo, nkhuku zikudutsa pamphuno pake. Kankadzuka pokhapokha nditanena kuti "kamu." Mwana wanga anayesa kangapo kukanyengerera ndi mbatata, koma kankangomuyang'ana n'kumanjenjemera, osasuntha. Mapeto ake mwanayo ndi amene ankagonja n'kukhala pansi pambali pake, awiriwo n'kumadikira kuti ndiwamasule.

Pa nsanamira ya khonde ndinkadula tizizindikiro ndi mpeni, mbali ina msinkhu wa mwana, mbali ina msinkhu wa galu. Mbali ya mwana inkakwera. Mbali ya galu inakwera pang'ono, inafika pakati pa msongolo wanga, n'kuima. Ndinati ndi njala, ndinayamba kukagawira chakudya changa. Ndinati ndi njoka zam'mimba, ndinakamwetsa mankhwala a zitsamba. M'malo motalika, maso ndi amene anayamba kutong'oka. Makutu anakula okha, kusiya mutu m'mbuyo. Kukachita mitambo kankanjenjemera ngati kakufuna juzi. Pofika pa Khirisimasi ndinali nditadziwa, koma ndinkapitabe pa nsanamira ndi mpeni wanga.

Kuuwa ndiye kunali kwa agalu atatu. Kankauwa nkhuku, sitima ikamadutsa, kapitawo wa malimidwe akabwera kudzayeza mizere. Koposa onse kankauwa apongozi anga. Phindu lake linali limodzi, loti ndinkadziwiratu kuti apongozi akubwera n'kupatuka panjira nthawi ilipo, monga mkamwini waulemu. Amalume ankadikira pakhale anthu ambiri kuti afunse.

"Akamwini, mwana wa ng'ombe uja afika liti? Kapena akadali m'mimba mwa aka?"

Ndinkaseka nawo, mano okha. Mkamwini sakwiya pagulu.

Chaka chimenecho mvula inagwa bwino, ndipo zimenezi ndi zimene zimandipweteka mpaka lero. Chimanga changa chinaposa cha wina aliyense m'mudzimo, chobiriwira mpaka kuda, china chobereka ziwiriziwiri. Chitayamba ngaiyaye ndinamanga msasa kumundako n'kumakhala komweko kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Malaya aja ndinkawayala kumtunda, pamene kanjira ka anyani kamalowera m'munda, n'kukhazikapo kagalu. Ine ndinkalondera kumunsi. Kankamva anyani akadali m'miyala, ine ndisanaone kanthu, ndipo kakauwa ndinkathamangira komweko ndi mkondo ndi legeni. Anyani ankabwerera akutukwana. Ndinkadziwa bwino kuti akuthawa ine, osati iko. Chinyani chachikulu chotsogolera gululo chinkakhala pamwala n'kumakayang'ana mmene munthu amayang'anira ndiwo zimene sizinapse. Komabe awirife tinali kukwanitsa, ndipo ndinayamba kulola mtima wanga kuganiza za nkhokwe yodzaza.

Chimanga chili pa mondokwa, mchimwene wawo wa amalume anamwalira. Chakudza sichiimba ng'oma. Pa maliro a kuchikazi mkamwini ndiye khasu, ndiye nkhwangwa, ndiye wotumidwa. Ndipo tsiku loika maliro palibe amene amapita kumunda. Ndinapita kwa amalume, ndinagwada, n'kupempha kuti ndikumbe nawo m'mawa wokha kenako ndithamangire kuphiri, chifukwa anyani sadziwa maliro.

Anandiyang'ana maso ali ofiira ndi kulira.

"Mukufuna anthu anene chiyani? Kuti mkamwini wasiya mtembo pakhomo wapita kukadya mondokwa? Kapena mukufuna ayambe kufunsa kuti achimwene anafa bwanji?"

Funso lachiwirilo linali ndi mano. Munthu wobwera, wopanda abale pafupi, akamuloza chala pa imfa satsukika. Kutangocha ndinathamangira kumunda, ndinayala malaya pamalo pake, ndinakhazikapo kagalu. Ndinakasisita pamutu, chinthu chimene sindinkachita kawirikawiri, n'kunena kuti "sitei." Kanandiyang'ana ndi maso ake otong'okawo mpaka ndinalowa m'chimanga.

Manda a m'mudzi umenewo ali pa nthaka ya miyala. Tinakumba mosinthana, dzenje osapita. Dzuwa litakwera, ine ndili m'dzenje mpaka m'chiuno, ndinamva kuuwa kuchokera kuphiri, kakang'ono, kakutali, kosalekeza. Onse anamva. Amene anali pamwamba anasiya kucheza n'kundiyang'ana. Mnyamata wina anati, "Apolisi anu ayamba ntchito," koma palibe anaseka. Ndinapitiriza kukumba. Khasu lililonse limene ndinkaponya ndinkatukwana nalo mumtima, kutukwana amalume, kutukwana mzungu, kutukwana ndi malemu amene, munthu woti sanandilakwirepo. Kuuwa kuja kunapitirira mpaka dzuwa linafika pamutu. Kenako mawu anayamba kusasa, kumamveka mwa apo ndi apo. Pamene amayi a mvano ankafika ndi nyimbo kutsogolo kwa bokosi, kuphiri kunali zii.

Mwambo unatalika monga amatalikira maliro a munthu wamkulu. Aliyense anali ndi mawu oti anene. Titakwirira ndi kusamba m'manja, sindinadikire chakudya. Ndinathamanga.

Nyani sadya ngati munthu wanjala. Amathyola chimanga, kuluma kamodzi, kutaya, n'kuthyola china. Munda wonse unali utagona pansi, mapesi othyokathyoka, zitsononkho ndi makoko paliponse, fungo la mondokwa lili guu ngati pa msika. Ndinayenda pakati pake mpaka kumtunda. Kagalu kanali pa malaya. Khutu limodzi linali litang'ambika mpaka pakati, magazi atauma m'khosi ndi pa malayapo. Katandiona kanatsegula pakamwa kuti kauwe, koma sipanatuluke mawu. Pozungulira pamene kanakhala, malo okwana mphasa imodzi, chimanga chinali chiimire, chosakhudzidwa.

Mwendo unkafuna kukamenya theche, sindibisa. Koma ndikanakamenyera chiyani? Kanachita zonse zimene ndinakaphunzitsa, ndipo kanalondera munda wolingana ndi msinkhu wake. Kanali kakunjenjemera, kakundiyang'ana, osachoka pa malaya. Ndinakumbuka kuti sindinakamasule. Ndinati "kamu," ndipo kanabwera kakutsimphina n'kudzagona pa phazi langa. Ndinakhala pansi pa mapesi n'kulira ngati maliro aja anali anga.

Zokolola zonse zinakwana m'dengu limodzi. Amalume anadikira mpaka anthu atamaliza kututa, nyengo yozizira itayamba, ndipo anaitana ankhoswe. Wa mbali yanga anali msuweni wakutali wochokera kwa Kuntaja, amene anabwera ndi njala ndipo anakhala nkhani yonse akuyang'ana kumene kunkafuka utsi. Ndinadziyankhulira ndekha. Ndinati chimanga chinalipo, mudzi wonse unachiona, ndipo chinapita tsiku limene ndinkakumba manda a m'bale wawo. Amalume anati maliro anali a tsiku limodzi, koma njala ya m'nyumba mwanga inali ya zaka zitatu. Mkazi wanga anafunsidwa maganizo ake. Anayang'ana pansi n'kunena kuti zimene anene amalume ndi zomwezo.

Pamenepo ulemu unandithera. Ndinapempha mwana. Anthu anayang'anizana ngati ndapempha phiri. Ndinanyamula kagalu kaja m'mwamba kuti onse akaone.

"Mumati bambo ndi tambala wongodutsa," ndinatero. "Inenso ndinakhulupirira, n'chifukwa chake ndinatenga galu uyu. Muoneni. Mayi wake ndi wofika m'chiuno mwangamu. Watengera ndani? Muonenso mwana uyo makutu ake. Magazi a bambo si madzi."

Ndinkayesa kuti ndanena mawu oti palibe angawayankhe. Amalume anayang'ana kagalu kali lende m'manja mwanga, khutu long'ambika lili pansi, kakunjenjemera ndi mphepo.

"Mwanena zoona, akamwini," anatero mofatsa. "Tonse taona zimene magazi a bambo amachita. N'chifukwa chake tikufuna mwanayu akule ndi ife."

Anthu anaseka, ena mobisa, ena poyera. Msuweni wanga nayenso anaseka.

Ndinanyamuka m'mawa wake. Mkazi wanga anandimangira mbatata zophika m'kansalu, n'kundipatsa osandiyang'ana kumaso. Bulangete paphewa, khasu m'manja, monga ndinabwerera. Kagalu kanali pambuyo panga. Nditadutsa nyumba yomaliza ndinamva timapazi tina, ndipo nditacheuka ndinaona mwana wanga akutsatira galu. Ndinamuuza kuti abwerere kwa amayi ake. Anapukusa mutu. Ndinamunyengerera ndi mbatata, ndinamuopseza ndi kamtengo, koma iye anangogwira kagaluko m'khosi n'kunena kuti akupita kumene tikupita. Kumbuyo, pakhomo pa apongozi, anthu anali ataima akuonerera. Ndikanangoyenda naye pang'ono, anyamata akanandithamangira ngati wakuba.

Panali njira imodzi yokha imene ndinkaidziwa yokhazikira mwana ameneyo pansi. Ndinamasula mtolo, ndinatulutsa malaya akale aja, madontho a magazi akuonekabe, n'kuwayala pamthunzi wa mlambe m'mbali mwa njira. Kagalu kanakwerapo kokha ndisananene kanthu. Ndinati "siti," kanakhala. Ndinati "sitei." Mwana anayang'ana galu, anayang'ana ine, kenako anakhala pansi pambali pake, miyendo atatambasula, monga ankachitira kuseri kwa nkhokwe. Ankadziwa masewera amenewa. Ankadziwa kuti bambo amapita kumtsinje, amabwera, n'kunena liwu lija.

Ndinacheuka kamodzi ndili pafupi ndi njanji. Anali pomwepo onse awiri, mitu itawongoka, aliyense ndi makutu a bambo wake.

Ntchito ndinadzaipeza ku Chileka komweko, yotchetcha udzu m'mbali mwa msewu wa ndege, ndipo kenako ndinapita kutali kukafuna ina. Chaka chotsatira nditabwera ku Lirangwe ndi kadiresi, pakhonde panga panali patakhala mwamuna wina, ndipo anandiuza kuti mwana anapita ndi agogo ake kwa abale ku Mdeka. Kadiresi analandira. Ulendo wina anandiuza zina, mwana osamuonabe. Patapita zaka ndinakumana ndi munthu wa m'mudzimo akugulitsa makala pa msika, ndipo anandiuza kuti kagalu kaja kanakhala ndi moyo nthawi yaitali, kosauwanso bwino, kakugona pakhomo pa mwanayo. Anati tsiku lija anthu anachita kukanyamula pamodzi ndi malaya dzuwa litapendeka, chifukwa kankaluma aliyense wofuna kukadzutsa, mwana naye akukana kuchoka. Anatinso mwanayo anadzakapatsa dzina. Ndinamufunsa kuti dzina lanji. Anakanda m'mutu, n'kunena kuti waiwala, ndi kale.